Kumbuyo kwa Ng'oma za Wendell

Poughkeepsie, New York
4 Januwale 2025

Okondedwa achimwene Russell,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Kodiak kumeneko, ndiponso kuti chisanu sichinakuumitseni zala mpaka kulephera kung'amba envelopu. Kuno tonse tadzuka bwino. Amayi chifuwa chija chawasiya, ayambiranso kukangana ndi aneba pa nkhani ya poimika galimoto, ndiye dziwani kuti achira ndithu. Mdzukulu wawo Nora wabwerera kusukulu dzana, dzino lakutsogolo litaguluka, ndipo akuti ndikuuzeni kuti tsopano amatha kuimba likhweru kuposa inu.

Pa foni paja munandiletsa kukuuzani za shoo ya Copper Ferry yotsekera chaka, munati mukufuna mudzadzimvere nokha zojambulidwa intaneti yanu ikadzatsitsimuka. Ndakumverani theka. Mayina a nyimbo sinditchula, koma zinazi zikundiyabwa pakhosi, ndipo pali zina zimene simudzazimva ngakhale mutakweza wailesi mpaka kumapeto.

Mukudziwa kale kuti Wendell, woimba ng'oma wa bandi yathuyi, anadwala sitiroko mu Epulo, dzanja lamanzere n'kufooka. Kuyambira pamenepo sanaimbenso. Bandi italengeza kuti shoo ya pa 31 Disembala ikhalapo, koma tsiku limodzi lokha osati masiku angapo ngati kale, anthu anayamba kunong'onezana kuti uku n'kutsanzika. Pa intaneti panali ngati pasiwa. Wina ankati ali ndi msuweni wake wonyamula zida za bandi amene wamuuza zonse, wina ankati waona Tobin wagitala akugulitsa basi yawo. Aliyense anali ndi msuweni wake.

Chimene simukuchidziwa bwino ndi nkhani ya mlamu wanu. Ndinangokuuzani mwachidule kuti Curtis anasiya mowa mu Meyi. Sindinakuuzeni kuti anasiya atalowetsa galimoto m'ngalande masanasana, Nora ali kumpando wakumbuyo. Palibe anavulala, mtima ukhale m'malo. Koma anakakhala mwezi wathunthu kumalo othandiza anthu kusiya mowa, ndipo atabwerako anatenga matepi onse a Copper Ferry, amene munkajambula limodzi aja, n'kukawatsekera m'chipinda chapansi. M'galimoto ankangomvera nkhani ndi zanyengo. Tsono pamene a Milt anatiimbira kuti atipezera matikiti awiri, ine ndinati tiwapatse ena. Koma Curtis anati:

"Denise, ndinakuona koyamba pa shoo yawo, ndinakufunsira pa shoo yawo. Ngati akutsanzika, ndikufuna ndikatsanzike nawo maso ali gwa."

Ndikanati chiyani? Tinamusiya Nora kwa amayi, n'kukwera sitima yamasana yopita mumzinda wa New York.

A Milt muwakumbuka, madala andevu zoyera aja amene anayamba kuitsatira bandiyi ikuimbabe m'timabala ta ku Ithaca. Sanasinthe. Amanenabe kuti nyimbo zabwino zinatha tsiku limene Tobin anameta tsitsi, koma shoo saphonya ndi imodzi yomwe. M'sitimamo munadzaza anthu athu okhaokha, ena atavala zonyezimira, ena zipewa za nyanga, ndipo a Milt anayenda mpando ndi mpando kuuza achinyamata kuti asayembekezere zambiri.

Titafika panja pa holo, chisanu chinali cholasa m'mafupa, koma anthu anali mbwee, ena atakweza chala chimodzi m'mwamba kupempha tikiti, ena akugulitsa buledi wokazinga ndi tchizi pa timbaula. Sitinayende patali, ndinamva mawu amene ndinkawaopa kuyambira kunyumba. Anali Duane, mnzake wa Curtis wapamowa, atanyamula chikwama chodzaza zitini.

"Curt! Tinkayesa unamwalira osatiitana kumaliro! Gwira iyi, yozizira ngati mtima wa apongozi ako."

Anamuponyera chitini, ndipo Curtis anachiwakha, dzanja linangochita lokha. Ndinaona akuchiyang'ana. Kenako anachibweza m'chikwamamo.

"Ndinasiya, Duane."

"Wasiya? Lero lomwe, tsiku la Chaka? Aaa, walowa mpingo wanji, mbale wanga? Kapena ndi boma ili?" Anandiloza ine ndi chibwano.

"Boma limeneli ndi labwino kuposa lako," anatero Curtis, n'kundigwira dzanja. Tinaseka tonse, koma chikhatho chake chinali chonyowa ndi thukuta, kunja kukuzizira choncho.

Magetsi atazima, achimwene, phokoso lake sindinalimvepo. Wendell anatulukira pomalizira, akuyenda pang'onopang'ono, wawonda mpaka malaya kumulendewera. Anangokweza dzanja lamanja, holo yonse n'kuphulika. Bambo wina kumbuyo kwathu ankangokuwa dzina lake mpaka mawu anasasa nyimbo isanayambe. Koma atayamba kuimba, tonse tinamva kuti zinthu sizili monga kale. Nyimbo zinali zazifupi, zosamala. Paja mukudziwa mmene amachitira, nyimbo imodzi kuitambasula theka la ola mpaka osadziwanso kuti inayambira pati. Apa ayi, akangofika pamphambano ankabwerera kunyumba.

"Akumunyamula ngati dzira," anatero a Milt mokweza. "Izi si nyimbo, uku n'kuyendetsa wodwala pakhonde la chipatala."

Mtsikana wina wa diresi lonyezimira amene anali kutsogolo kwathu anatembenuka.

"Agogo, ngati zakunyansani, panja pali anthu akulirira tikiti."

"Mwana iwe, anthu awa ndinayamba kuwaonera amako akuyamwabe. Ufulu wodandaula ndinaugwirira ntchito."

"Ndiye dandaulani chamumtima, ife tikuvina."

Ine sindinathe kuseka, chifukwa maso anga anali pa Curtis. Anangoima njo, manja m'thumba, ngati munthu wodikira basi. Anthu akudumpha mbali zonse, makapu a mowa akudutsa pamphuno pake kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, anawerama n'kundinong'oneza:

"Sindikumva kanthu, Denise. Zikungokhala ngati wailesi ya m'nyumba ya eni. Mwina anthu awa sindinawakondepo. Mwina ndinkakonda mowa wokha, iwo n'kumangondiimbira."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mmene iye ankaganizira. Ngati nyimbo zija sanazikondepo, nanga zina zonse zimene tinazipeza m'nyimbozo? Ndinangomusisita pamsana.

Pa nthawi yopuma ndinapita kuchimbudzi, ndipo mzere wa amayi mukuudziwa mmene umakhalira. Pobwerera ndinapeza a Milt okha, akukanganabe ndi mtsikana uja. Jekete la Curtis linali pampando, foni yake ili m'thumba momwemo.

"Wapita kuti?"

"Anati akukagula madzi," anatero a Milt osandiyang'ana.

Botolo lake la madzi linali pansi pa mpando, lodzaza.

Chigawo chachiwiri chonse sindinachione, ndiye za chimenecho musandifunse. Ndinachimvera kuseri kwa khoma, ndikuzungulira makonde a holo ija, kuyang'ana pamalo paliponse pogulitsira mowa. Anthu akakuwa m'katimo, ine mtima unkangoti phaa. Pena ndinaona munthu wamtali wa malaya obiriwira atanyamula makapu awiri, ndinamuthamangira n'kumukoka pamkono mpaka mowa kumutayikira pansapato. Sanali iye. Ndinapepesa, iye anangoti, "Chaka chabwino, asisi," n'kumapita. Ndinakwera masitepe, ndinatsika, ndinasuzumira ngakhale pakhomo la chimbudzi cha abambo n'kuitana dzina lake ngati wamisala. Mayi wina wolondolera anthu mipando anandipeza nditatsamira khoma.

"Mwataya mwana, amayi?"

"Ayi, mwamuna."

"Aaa, amenewo amabwera okha njala ikawapweteka."

Ndinayesa kumwetulira, koma m'maso munali mutadzaza kale. M'mutu mwanga ndinali nditamuona atakhala pansi penapake ndi Duane, ndinali nditaona kale ulendo wobwerera, ndi nkhope ya Nora m'mawa mwake.

Ndikuyenda choncho ndinafika pa tebulo la zibaluni zachikasu. Mulikumbuka, limakhalapo pa shoo iliyonse, la anthu amene anasiya mowa ndi mankhwala koma nyimbo sanasiye. Zaka zonsezi tinkangolidutsa, Curtis n'kumati ndi tebulo la anthu olapa. Panali mayi wina wonenepa wa magalasi, dzina lake Yolanda, akukonza mbale ya maswiti. Ndinamufotokozera mmene Curtis amaonekera.

"Wamtali, malaya obiriwira, nkhope ngati galu wonyowa ndi mvula? Anafika pano."

Anandikokera mpando.

"Khalani pansi ndikuuzeni zonse, chifukwa sindinama. Anabwera ndi kapu ya mowa m'manja, yodzaza mpaka m'milomo, thovu litaphwa kalekale. Anati wayenda nayo holo yonseyi. Anaima pomwe mwakhalapo n'kunena kuti, 'Ndithandizeni, dzanja langa likukana kuisiya.' Tinamuzungulira anthu angapo, osamugwira, kumangocheza naye. Mnyamata wina anamufunsa shoo yake yoyamba inali iti, anayamba kufotokoza, ndipo ali m'kati mofotokoza anaikhazika pa tebulo. Ndinakaitaya ndekha m'sinki."

"Anamwako?"

"Mayi, ine ndakhala zaka zambiri kuseri kwa kapu. Yomwedwapo ndimaidziwa. Ijayi inali yosalawa."

Ndinalira, achimwene, pamaso pa munthu wosamudziwa. Iye anangondipatsa switi ngati mwana.

"Koma za kumene wapita atachoka pano sindingalumbire," anapitiriza. "Anandiuza kuti nyimbo sakuimva. Ndinamuuza kuti nanenso chaka changa choyamba zinali choncho, ndipo ndinkapita kumipando ya kumbuyo kwa siteji. Kumeneko mawu samveka bwino, koma umaona manja a woimba ng'oma. Kayang'aneni kumeneko."

Pamene ndinkakwera masitepe a kumbuyoko, chigawo chachitatu chinali chitayamba, chija chofikitsa pakati pa usiku. Ndinamuona nthawi yomweyo, atagwira chitsulo chotchingira, akuyang'ana pansi. Ndinafuna kumumenya, ndinafuna kumukumbatira, mapeto ake ndinangoima pambali pake. Sanatembenuke n'komwe, anangoti:

"Taona dzanja lake."

Kuchokera pamenepo Wendell tinkamuona kumsana, pafupi kwambiri. Malaya ake anali atanyoweratu. Dzanja lamanzere linkanjenjemera likakwera m'mwamba, ndipo kamtengo koimbira ng'oma ankakagwira ndi chikhatho chonse ngati mwana wophunzira kugwira supuni. Anthu a kutsogolo sankaona zimenezi. Nthawi imeneyo anali atalowa m'nyimbo yaitali, ndipo Tobin, kaya anaiwala kaya anatopa n'kusamala, anayamba kuthamanga ngati kale. Wendell anamutsatira. Holo inayamba kutentha, anthu anamva kuti tsopano zayamba. Ndiye mwadzidzidzi kamtengo kaja kanapulumuka m'dzanja, kanauluka n'kukagwera kuseri kwa masipika.

Kugunda kwa ng'oma kunasokonekera. Gitala inatsala yokha m'malere, kenako nayo inati zii. Anthu zikwizikwi aja anapumira m'kati nthawi imodzi, ndinamva ndi makutu angawa. Wendell anatambasula dzanja kuti atenge kamtengo kena, zala zinakana kufumbata, nako kanagwa. Anayang'ana dzanja lakelo, n'kuliika pa ntchafu. Woimba besi yekha ndiye sanaleke, ankangogunda chingwe chimodzi, du, du, du. Tobin anafulatira anthu, anayenda mpaka pa ng'oma, anawerama, ndipo ife a kumbuyo tinamuona akufunsa ndi maso ngati aleke. Wendell anapukusa mutu.

Anayambanso ndi phazi ndi dzanja lamanja lokha. Kugunda kosavuta, kochedwa, kopanda zokometsera. Anzake aja, m'malo momukoka, anatsikira kumene iye anali, n'kuyamba kumanga nyimbo ina pamwamba pake, imene palibe anaimvapo, ngakhale iwo eni. Sindikudziwa anayambitsa ndani, koma anthu anayamba kuponda pansi motsatira phazi lake. Osawomba m'manja, osakuwa, kuponda kokha. Chitsulo chimene tinagwira chinayamba kunjenjemera, simenti yonse ikuvina pansi pa mapazi athu. Patapita nthawi ndinaona dzanja lamanzere lija likunyamuka pa ntchafu, n'kumenya ng'oma ndi chikhatho chopanda kanthu. Linaphonya, linamenyanso, kachitatu linalowa m'malo mwake. Phokoso limene linatuluka m'holo muja, a kutsidya kwa mtsinje ku New Jersey ayenera kuti analimva.

Nditacheuka ndinapeza Curtis akuvina. Kavinidwe kake koipa kaja, ngati munthu wothamangitsa njuchi, misozi ikutsikira m'ndevu.

Sanaleke mpaka nthawi yowerenga masekondi chotsitsa inakwana. Chaka chitalowa, zibaluni zinagwa kuchokera kudenga ngati matalala, anthu akukumbatirana ndi osawadziwa. Ndinamukoka Curtis kuti ndimupsompsone, ndipo sindikubisirani, ndinkanunkhiza. Iye anadziwa.

"Nunkhiza bwinobwino, usachite manyazi," anatero, n'kundiuzira mpweya kumaso. Munkangomveka maswiti a Yolanda. Kenako nkhope inasintha. "Ndinagula, Denise."

"Ndikudziwa."

"Sindinamwe."

"Nazonso ndikudziwa."

"Koma ndinagula. Ndinaima pamzere, nthawi yoganiza ndinali nayo, ndinagulabe. Usaiwale zimenezo chifukwa choti lero zatha bwino."

Sindinamufunse, anayamba yekha kunena. Pa zaka zonse za mowa, Curtis sanayambepo yekha kunena chinthu chotere.

Pomaliza penipeni, Tobin, amene salankhula pa siteji ngakhale kunena zikomo, anayandikira maikolofoni. Holo inati chete, aliyense akuti nayo nthawi yotsanzika ija. Iye anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Wendell akuti mumupatse miyezi ingapo alimbitse dzanjali. Tionana mu Julayi." Basi, n'kumapita. Bambo amene anali pafupi nafe anali atanyamula chikwangwani chotsanzika chimene anati mkazi wake anachikongoletsa sabata yonse. Anaching'amba pakati n'kuyamba kuvina nacho, theka dzanja ili, theka dzanja ilo.

Tinagona kwa mphwake wa a Milt ku Queens, ndipo m'mawa tinakadya mazira ndi khofi pa kalesitilanti ka pakona. Munali anthu a ku shoo okhaokha, maso ofiira, mapepala onyezimira akadali m'tsitsi, tebulo lililonse lili ndi mlandu wake. Mtsikana wa diresi lonyezimira uja, dzina lake ndi Tamsin, anabweranso, chifukwa iye ndi a Milt anathera pa ubwenzi n'kupatsana manambala. Iye ndiye ankatiwerengera za pa intaneti. Ena akuti inali nkhanza kumuika munthu wodwala pa siteji, akanalemba woimba ng'oma wachiwiri. Ena akuti imeneyi ndi shoo yoposa zonse chiyambire, ndipo amene sanabwere adzanama kwa adzukulu awo kuti analipo. Wina analemba ndime zambirimbiri kudandaula kuti sanamuimbire nyimbo imene wakhala akuidikira zaka zisanu, anthu n'kumutukwana mpaka anafufuta. Bambo wa tebulo loyandikana nalo anati iye ndi dokotala wa mafupa, ndipo dzanja lija silidzabwereranso mwakale. Mkazi wake anati, "Nanga iwe unabwerera mwakale? Idya mazira."

A Milt anadikira onse atope, anapukuta ndevu, n'kugamula.

"Kunena chilungamo, inali shoo yoipa. Chigawo choyamba tulo tokhatokha. Chachiwiri anaphonya polowera kawiri konse. Chachitatu, woimba ng'oma wagwetsa timitengo. Mukaiika pa sikelo, siifika ngakhale pa zapakatikati."

"Nanga amene ankalira mpaka kuminira pa mpango wanga ndani?" anafunsa Tamsin.

"Unali utsi."

"Munkaponda pansi kuposa tonse, agogo. Bondo munkadandaula lija linapita kuti?"

"Mwendo unachita dzanzi, ndinkauwongola." Anamwa khofi, kenako anafunsa chapansipansi, "Za Julayizo, wanena kuti matikiti ayamba liti?"

Curtis nthawi yonseyi ankangodya. A Milt atamufunsa kuti nanga iwe ukuti bwanji, anaika foloko pansi n'kuganiza.

"Kaya inali yabwino kaya yoipa, sindikudziwa. Ndikungodziwa kuti ndi yoyamba imene ndadzuka m'mawa ndikuikumbuka."

Tamsin anamuthirira khofi wina.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zatha, achimwene. Iye mwini akuti kapu ija anaigula, ndipo tsiku lina akhoza kudzaigulanso. Dzulo wapita kumsonkhano wake wa anzake osiya mowa ndipo anakanena zonse. Yolanda anamupatsa nambala yake, akuti mu Julayi akufuna adzamuthandize kupopa zibaluni. Ine ndimadabe nkhawa akachedwa pang'ono kuchokera kuntchito. Koma mausiku atatuwa ndagona tulo timene ndinali nditaiwala kuti tiliko.

Tsono ndili ndi pempho. Muimbireni foni mlamu wanu. Akuchita manyazi kuyamba ndi iye, chifukwa akuti munamupatsa mlongo wanu ndipo anatsala pang'ono kukubwezerani maliro a mwana. Musamufunse za mowa, mungomufunsa za dzanja la Wendell, adzalankhula mpaka batire kutha. Ndipo ngati mabwato angakupatseni mpata, bwerani mu Julayi. Chipinda cha alendo chilipo, mungopirira zidole za Nora.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Ingrid, muwauze kuti nsomba youma anatumiza ija tinaimaliza tsiku la Khirisimasi lomwelo. Amayi akupereka moni, akuti muzivala chipewa. Akakuimbirani n'kutchula za sutikesi imene inakhala m'kabati mwawo kuyambira mu Meyi, ya zovala zanga ndi za Nora, musadabwe ndipo musamuuze Curtis. Ndakaitenga lero m'mawa, zovalazo ndazibwezera m'madirowa a kunyumba kwathu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Denise